Thanki ya nsomba ya malita 100: ndigule kapena ndisiye?

Nambewe (Mufakose): Abale, ndithandizeni maganizo. Mnzanga wa kuntchito akusamuka ku Avondale, ndiye akugulitsa thanki yake ya nsomba, yagalasi, ya malita 100, pamodzi ndi fyuluta, hita ndi getsi lake. Nsombazo anapatsa kale wina. Mwana wanga wamkazi chiionereni thankiyo sakundipatsa mpata. Mtengo ndi wabwino ndithu, koma mtima ukukayika. Alipo anawetapo nsomba m'nyumba kuno ku Harare?

A Phiri (Highfield): Chemwali, galasi si nkhani, nkhani ndi magetsi. Fyuluta imayenera kuyenda usana ndi usiku. Mwaiwala 2019 ndi kumapeto kwa 2022, madzi atatsika kudamu lopangira magetsi la Kariba, magetsi akuzima mpaka maola 18 pa tsiku? Ine ndikuti musagule.

Azakhali Nabanda (Mbare): Ndi zomwe ndimati ndinene. Ndalama imeneyo gula nkhuku zoikira, mwana azidya mazira. Kwathu nsomba ndi ndiwo, osati chodyetsa tsiku ndi tsiku osaona phindu.

Mai Gondwe (Mabvuku): Azakhali, phindu lilipo, kungoti si la m'mbale. Ine ndili nayo thanki pabalaza. Madzulo ana amazimitsa TV okha n'kukhala pamphasa kumaonerera. Wamng'onoyo ndiye amadyetsa, amatsina chakudya ndi zala ziwiri n'kuwaza, ndipo amadziwa kuti chikatsala pansi ndiye kuti wachulutsa. Koma a Phiri sakunama. M'siponji ya fyuluta mumakhala mabakiteriya othandiza. Nsomba zikamapuma ndi kuchita chimbudzi zimatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni kwa izo zomwe. Mabakiteriya aja amamusandutsa nitrite, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe savuta kwenikweni ndipo mumamuchotsa posintha madzi. Tsono mabakiteriyawa amafuna mpweya. Madzi akasiya kudutsa m'siponji kwa maola ambiri amayamba kufa, ndipo mudzaona nsomba zonse zili pamwamba, kukamwa yasa. Changa chimene chimandipulumutsa ndi kapampu ka mpweya koyendera USB, ndimakalumikiza ku power bank magetsi akangopita.

A Phiri (Highfield): Kapampu kali bwino, nanga hita? Ya thanki imeneyo ndi ya mawati pafupifupi 100. Power bank siingaikwanitse. June ndi July kuno usiku kumazizira kutsika madigiri 10, pomwe nsomba zambiri za m'mathanki zimafuna 24 mpaka 26.

Mai Gondwe (Mabvuku): Zoona. Ndimaifunditsa bulangete lochindikala, pamwamba ndi m'mbali monse, kungosiya kampata ka mpweya. Madzi ochuluka sazizira msanga, n'chifukwa chake ndimauza anthu kuti ya malita 100 ndi yosavuta kusamala kuposa kabotolo kozungulira kaja ka malita 10. Amene ali ndi sola ndi invetala alibe nkhawa imeneyi.

Nambewe (Mufakose): Kasola tili nako, koma kakang'ono, ka magetsi ounikira ndi kutchajira mafoni.

Amalume Chirwa (Dzivarasekwa): Mphwanga, gula, ndipo uikemo mbuna za kwathu. Ana athu akukulira kuno, nyanja amangoimva m'nkhani, amadziwa kapenta wa ku Kariba basi. Ine ndinakulira ku Nkhata Bay, tinkasambira pamiyala mbuna zikutizungulira, zabuluu, zamizeremizere. Yachikasu ija yodzaza m'masitolo a nsomba padziko lonse, Labidochromis caeruleus, kwawo ndi kugombe la kwathu komweko. Lake Malawi National Park ku Cape Maclear inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba zimenezi. Azungu akuzisunga ku London, ife eni ake tizilephera? Mwana aone chuma cha kwawo ndi maso.

Mai Gondwe (Mabvuku): Amalume, mwandikhudza mtima, koma mbuna pa malita 100 ayi. Zimalimbirana malo koopsa, yamphongo imodzi imatha kuthamangitsa zinzake mpaka kuzipha. Zimafuna thanki yaitali, malita 200 kupita m'mwamba, miyala yambiri yobisalamo, ndi madzi a pH (muyezo wa asidi m'madzi) cha m'ma 8 ngati a kunyanja. Kuzizira sizikugwirizana nako n'komwe. Munthu woyamba kumene, wa kasola kakang'ono, tingomupweteketsa mtima.

Amalume Chirwa (Dzivarasekwa): Ndamva. Koma asaiwale, tsiku lina adzakulitse.

Achimwene Mwale (Chitungwiza): Nonse mukukamba za magetsi, za madzi bwanji? Sabata iliyonse muyenera kuchotsa malita 20 kapena 25 n'kuthiramo atsopano. Ndi chigubu chathunthu chimenecho. Kwathu kuno pampopi pamatha masiku pali gwa, madzi timakatunga kumjigo pamzere. Chemwali, dzifunseni ngati chigubu chimenecho mudzachisenzere nsomba sabata ndi sabata, ngakhale mwana atatopa nazo.

Mai Gondwe (Mabvuku): Funso labwino. Ndiwonjezere: madzi a pampopi, ochokera kudamu la Chivero kudzera kumalo oyeretsera madzi a Morton Jaffray, ali ndi klorini, amene amawotcha makha a nsomba ndi kupha mabakiteriya aja. Pamafunika timadontho tochotsa klorini musanathire. A pamjigo alibe klorini, koma muwayeze kaye, mijigo imasiyana. Siponji musamatsukire pampopi, muziifinya m'madzi omwe mwachotsa m'thanki. Madzi akalewo sataya, ine ndimathirira repu kuseri kwa nyumba ndipo amakondwa nawo.

Azakhali Nabanda (Mbare): Ntchito yonseyi chifukwa cha tinsomba? Ine maganizo anga sanasinthe.

Nambewe (Mufakose): Azakhali, nkhuku tili nazo kale kuseri. Chimene ndikufuna n'choti mtsikanayu akhale ndi chake chosamala. Mjigo uli pafupi, chigubu sichindiopsa. Chikundiopsa ndi June.

A Phiri (Highfield): Ngati mwatsimikiza, sankhani zosafuna hita. Goldfish imapirira kuzizira. Koma imakula, imadya kwambiri, imadetsanso madzi msanga, ndiye ziwiri zokha, osapitirira. Ogulitsa ena adzakuuzani kuti khumi zikwana, musamvere.

Achimwene Mwale (Chitungwiza): Ndipo poti ndi yogwirapo kale ntchito, muidzaze madzi panja, pamalo osalala, igone tsiku limodzi kapena awiri. Pitani ndi chala m'makona muone ngati silikoni womata magalasiwo sanayambe kumatuka. Ikadzaza, madzi okha ndi makilogalamu 100, kuwonjezapo galasi ndi miyala. Kabati ya chipboard siingapirire, pamafunika choikapo chachitsulo kapena cha matabwa enieni, kutali ndi windo lolowa dzuwa kuti ndere zisadzaze.

Mai Gondwe (Mabvuku): Chachikulu, musagule nsomba tsiku lomwelo. Thanki yongodzazidwa kumene imatenga masabata 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya akhazikike. Muziponyamo kachakudya pang'ono fyuluta ikuyenda, muziyeza mpaka amoniya ndi nitrite zifike pa 0. Mufunseni mnzanuyo ngati fyuluta ikadali m'madzi. Ngati siponji sinaume, muinyamule m'pulasitiki muli madzi a m'thanki momwemo, masabata aja achepa.

Nambewe (Mufakose): Ndamuimbira. Akuti anakhuthula madzi sabata yatha, siponji inauma kale. Ndipita Loweruka kukaidzaza panja. Ikapanda kudontha ndigula, hita ndimusiyira achotsere pamtengo, ndiyamba ndi goldfish ziwiri. Mai Gondwe, zoyezera madzi zija mumagula za timapepala kapena za timadontho?

Mai Gondwe (Mabvuku): Za timadontho, zimalondola kuposa timapepala. Musagule kaye, ndikubwerekani zanga Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, ndikupatsaninso chidutswa cha siponji yanga.