Gasi wa ndowe wachepa ku Tsangano, moto ukungophethira

Armando, Ulónguè:
Amisiri anzanga, ndigawireni nzeru. Thanki ya gasi wa ndowe yomwe tinamangira mlimi wina ku Tsangano, ya njerwa yokwirira pansi, ya makyubikimita 6, imaphikitsa bwino mpaka Meyi. Ng'ombe zamkaka zilipo 4, zodyera m'khola. Pano mu Julaye mayi a pakhomopo akuti moto ukungophethira, pena kuzimiratu nsima ili pamoto, moti abwerera ku nkhuni. Bambowo akufuna azithira ndowe kawiri pa tsiku. Ndawauza ayambe adikira.

aPhiri, Dómuè:
Mwachita bwino kuwaletsa, achimwene. Chisanu cha ku Tsangano mukuchidziwa. Tizilombo totulutsa gasi timagwira ntchito bwino pa madigiri 35, kukatsika pansi pa 20 timachita ulesi. Mukachulutsa ndowe nyengo ino, topanga asidi timapitirirabe pomwe totulutsa gasi woyakayo tafooka, m'thanki mumasasa, gasi n'kutheratu. Anzathu a mumzinda wa Tete zimenezi sazidziwa, kwawo kumatentha chaka chonse.

Celestina, Furancungo:
aPhiri mwanena zoona, koma ine mawu oti kuphethira ndi amene andigwira. Kuzizira kumachepetsa gasi, inde, koma moto umayaka mokhazikika mpaka athe. Wophethira ndi madzi m'paipi. Gasi amatuluka m'thanki ndi chinyezi, usiku paipi ikazizira chinyezicho chimasanduka madzi n'kudikha pamalo otsika. aArmando, kapaipi ka madzi koyezera mphamvu ya gasi kaja kakuonetsa chiyani m'mawa? Ndipo chotayira madzi chili pati?

Armando, Ulónguè:
Ndawaimbira. Akuti m'mawa madzi a m'kapaipiko amakhala atakwera ndithu, koma akatsegula mbaula amangovinavina. Chotayira tinaika pafupi ndi khitchini.

Celestina, Furancungo:
Basi gasi alipo, njira ndiyo yatsekeka. Kumbani motsata paipi. Mwina dothi linatitimira nthawi ya dzinja, malo otsika anasuntha.

aBanda, Calómuè:
Mukapita mufunsenso mnyamata wa kukhola mafunso awiri. Akapopera mankhwala a nkhupakupa, madzi otsukira pansi amapita kuti? Nanga ng'ombe ikabayidwa jekeseni wa matenda a bere, ndowe zake amazipatula? Mankhwala amenewa, ngakhalenso sopo, amapha tizilombo ta m'thanki. Alimi a mkaka amabaya pafupipafupi kuposa a ng'ombe zachikuda, ndipo ife amisiri timalankhula ndi mwini khomo pomwe wothira ndowe tsiku ndi tsiku ndi wina.

aPhiri, Dómuè:
Za chisanu musazitaye. Azisakaniza masana, ndowa imodzi ya ndowe zatsopano ku ndowa imodzi ya madzi othera padzuwa m'mgolo wakuda, osati a pachitsime a m'mamawa. Pamwamba pa thanki aunjikepo mapesi ndi manyowa, kusiya povundukulira. Muwauzenso zoona: kilo ya ndowe imapereka gasi wa malita pafupifupi 40 kukamatentha, ndipo mbaula imodzi imatha malita ngati 400 pa ola. Mwa makilo 50 a ndowe amapeza maola ngati 5 ophikira, koma mu Julaye asayembekezere onsewo. Nyemba aziviika usiku.

Armando, Ulónguè:
Ndabwerako. Paipi inapindika pomwe ngolo imadutsa popita kumunda wa mbatata, madzi anali tho. Tayikweza, taikapo chotayira chachiwiri, tayala miyala pamwamba. Moto wayaka wa buluu, wosaphethira. aBanda, munalasa: ngalande ya popopera imalowa m'dzenje losakanizira, ndiye taipatutsa. Pamwamba pa phala lotuluka sipakununkha chosasa, choncho laimu wochepetsa asidi sitinathire. Ndowe tasiya mlingo womwewo mpaka kutenthe mu Seputembala.

Celestina, Furancungo:
Muwaonetse mayiwo chotayira chatsopanocho, azitsegula sabata iliyonse mpaka chisanu chithe. Ndi iwo amene amayamba kuona moto ukasintha.