Ndikusaka zipangizo za Peugeot 404 ya malemu bambo anga

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kwathu ku Chadiza kuli Peugeot 404 ya pikapu, ya 1974, imene malemu bambo ankanyamulira mtedza ndi thonje kubwera nazo ku Chipata. Yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zambiri, mpaka nkhuku zinkaikira mazira pampando. Mwezi watha tinaikoka n'kuibweretsa kuno ku Kapata, ndipo ndatsimikiza mtima kuti iyendenso.

Injini yake ndi ya petulo ya 1618cc, yopendekeka ija. Titasintha mapulagi ndi kutsuka kabureta ya Solex, inalira ndithu, ine misozi m'maso. Koma sitinaisiye nthawi yaitali chifukwa pampu ya madzi ikudontha ngati dengu, ndipo shafuti yake yadyeka, ikugwedera ukaigwira ndi dzanja. M'mashopu a sipeya m'tauni muno ndazungulira, aliyense akungoti za Toyota ndiye zilipo.

Funso langa lenileni ndi ili: kodi pampu ya Peugeot 504 ingalowe pa 404 popanda kuboola mwina? Ngati ayi, alipo mmisiri wa makina osema zitsulo kuno, ku Katete kapena ku Petauke, amene angaseme shafuti yatsopano n'kuikamo beringi ndi silo yotsekera madzi? Zongowotcherera sindikuzifuna, ndikuopa kuwononga injini.

Ndikusowanso mabushi a giya, popeza giya yake ndi ya pachiwongolero, komanso labala wa galasi lakutsogolo. Amene mukudziwa pamene pagona 404 yakufa, ngakhale ku Mchinji kapena ku Lilongwe, ndiuzeni. Ndidzaoloka pa boda ya Mwami ndi masipanala anga kukamasula ndekha.