Rediyeta ya aluminiyamu pa Peugeot 504: ndigule kapena ndikonzetse ya mkuwa yomweyi?

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu amene munagwirapo magalimoto akale ndi manja anu, ndabwera ndi funso. Mundipirire, ndilemba motalikirapo, chifukwa nkhani ya galimoto yotentha ukaifotokoza mwachidule aliyense amangoti "sinthani rediyeta", pomwe ine ndalama yosinthira kawiri ndilibe.

Galimoto yake ndi Peugeot 504 ya 1978, ya petulo, injini ya 1971cc yopendekeka ija. Inali ya malemu bambo anga. Anaigula kwa munthu wina ku Limbe ine ndili ku pulayimale, ndipo anayenda nayo mpaka maso atayamba kuwavuta. Atatisiya inakhala zaka zinayi pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Chilomoni, matayala ataphwa, masamba atadzaza pa boneti. Chaka chatha ndinaikokera ku galaja. Takonza mabuleki, tatsuka thanki ya petulo ndi kabureta, tagula batire ndi matayala, ndipo pano ikulira bwino moti anthu mumsewu amatembenuka. Ena amandiimitsa n'kumandiuza kuti Pijo yotereyi ndi yomwe inapambana mpikisano wa Safari ku Kenya mu 1975, ndipo n'zoona. Koma kwa ine ndi galimoto ya bambo basi, yomwe tinkapitira kumudzi ku Chikwawa.

Vuto linaonekera mu Okutobala. Ndinatenga mayi kupita nawo kumudzi kukaona achemwali awo omwe ankadwala. Popita panalibe chovuta, poti kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa n'kutsika kokhakokha. Pobwerera tinanyamuka cha m'ma 2 koloko masana, dzuwa la ku chigwa lija likuswa mtengo. Titangodutsa pa Thabwa n'kuyamba chitunda, kamuvi ka geji kanayamba kuyenda. Pakhota lachiwiri kanali kadutsa pakati, pakhota lachinayi kanagunda pofiira. Ndinapatuka pambali, ndipo ndisanazimitse n'komwe ndinamva madzi akubwata mkati ngati mphika wa nyemba, nthunzi ikutuluka m'mbali mwa boneti. Mayi anatsika n'kukakhala pa mwala, chitenje atafunda kumutu, osalankhula kanthu. Tinadikira pafupifupi ola lathunthu kuti izizire. Anyamata awiri anatitungira madzi a pa mjigo m'chigubu, tinathira, n'kukwera pang'onopang'ono, kuima kawiri tisanafike pamwamba. Titafika kunyumba mayi anangoti, "Bambo ako chitunda chimenechi ankakwera atanyamula matumba a mapira, osaima." Mawu amenewo ndi amene akundisowetsa tulo.

M'tauni siitentha, pokhapokha ndikakhala pa mzere wautali wa magalimoto masana, apo kamuvi kamakwera pang'ono n'kubwerera ndikayamba kuyenda. Ulendo wa ku Zomba ndinapita n'kubwera bwinobwino. Imagonja ikamakwera mtunda wautali kukutentha, ndipo kuchoka ku Shire kufika ku Blantyre munthu umakwera mamita pafupifupi 900, nthawi yambiri uli mu giya yachiwiri ndi yachitatu, mphepo yolowa kutsogolo ili yochepa komanso yotentha kale.

Zomwe tachita kale ndi izi, kuti musavutike kuzitchula. Tinasintha mapayipi onse a madzi, chivindikiro cha rediyeta ndi lamba wa fani. Makaniko wanga atamasula anapeza kuti thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha kwa injini, mulibe, inachotsedwa kalekale, monga mmene amachitira ambiri kuno. Fani ya 504 mukudziwa ili ndi kachipangizo ka magetsi koti izigwira injini ikatentha n'kusiya ikazizira; ya ine wina anaimanga ndi mabawuti kuti izingozungulira nthawi zonse. Zimenezo tinazisiya choncho. Kenako tinachotsa rediyeta n'kupita nayo kwa mdala wina wokonza marediyeta ku Ndirande.

Ndinakhala pomwepo akuitsegula. Anatenthetsa mtovu ndi moto n'kuchotsa thanki ya pamwamba, ndipo zomwe ndinaona mkatimo zinandifooketsa. Pakamwa pa timachubu panali zoyera zolimba ngati laimu, pena zobiriwira, pena matope a dzimbiri. Anatenga kachitsulo kopyapyala n'kumalowetsa m'kachubu kalikonse. Tina kankadutsa mpaka pansi, tina kankaima pakati. Anandionetsanso timachubu 7 tomwe tinatsinidwa n'kumatidwa ndi mtovu kalekale, mwina bambo akadali moyo, potseka podontha. Nditagwira tizipsepse ta mkuwa tapakati pa timachubu, chakumunsi, tinangofumbutuka m'zala ngati tsamba louma. Mdalayo ananena mosabisa kuti akhoza kuitsuka n'kuimata, koma pakati pake patha. Matanki a bulasi ndi abwino, akhoza kukhala zaka zina zambiri, chofunika ndi core yatsopano, ndiye kuti pakati paja pa timachubu ndi tizipsepse.

Ndiye ndili ndi njira ziwiri zenizeni. Yachitatu, yotenga rediyeta ya galimoto ya ku Japan yokhala ndi matanki a pulasitiki n'kuikakamiza kuti ikwane, ndaikana kale. Yoyamba ndi kuika core yatsopano ya mkuwa ya mizere itatu pa matanki akalewa, ntchito yomwe mdala wa ku Ndirande akuti aitha core ikapezeka. Yachiwiri ndi yomwe alamu anga a ku Johannesburg akundikakamiza: kupangitsa rediyeta ya aluminiyamu yokhayokha, matanki ndi zonse, yowotcherera ndi TIG (njira yapadera yowotcherera ndi magetsi ndi gasi), yamizere iwiri ya machubu otambalala. Akuti atenga miyezo ya yakaleyi n'kupita nayo kwa opanga. Nditawerengera mtengo wake, kuphatikiza kunyamula pa basi ndi msonkho wa pa boda, ikukwana pafupifupi katatu poyerekeza ndi njira yoyamba ija. Ndipo mukudziwa mmene randi ikuvutira kupeza chigwereni kwacha mu Novembala 2023.

Ndayesetsa kuwerenga kuti ndisamangomvera za m'maluwa, koma kuwerengako kwandisokoneza kwambiri. Mkuwa umadutsitsa kutentha kuposa aluminiyamu, pa muyezo wake mkuwa uli cha pa 400 pomwe aluminiyamu ili cha pa 235. Ndiye poyamba ndinkaganiza kuti nkhani yatha, mkuwa wapambana. Koma rediyeta yakale si mkuwa wokhawokha. Tizipsepse ndi ta mkuwa, timachubu ndi ta bulasi yomwe imadutsitsa kutentha mochepera kuposa aluminiyamu, ndipo zonsezi zimalumikizidwa ndi mtovu womwe ndi wochedwa kwambiri pa zonsezo. Ya aluminiyamu ilibe mtovu pakati, chubu ndi chipsepse zimagwirana chitsulo chimodzi. Komanso machubu ake amatha kukhala otambalala, mamilimita 25 kapena kuposa, pomwe a bulasi amakhala pafupifupi theka la pamenepo, choncho mizere iwiri ya aluminiyamu imagwira ntchito ya mizere itatu kapena inayi yakale, mphepo n'kumadutsa mosavuta. Kupepuka kwake ine sikukundikhudza, 504 si yothamangitsana nayo.

Zonsezo ndamva. Chomwe chikundigwira mwendo ndi zinthu zomwe ogulitsa sanena, chifukwa iwo akugulitsira anthu a m'mayiko momwe galimoto yakale imatuluka Lamlungu lokha pa tala wosalala.

Choyamba ndi kukonza. Rediyeta ya mkuwa ikaboola ku Nchalo kapena ku Ngabu, ndikhoza kupeza munthu wa moto ndi mtovu tsiku lomwelo, n'kubwerera kunyumba. Ya aluminiyamu ikang'aluka pamsoko imafuna wodziwa TIG, ndipo ikaboola pakati pa core ambiri amangomata ndi epoxy n'kupemphera. Msewu wolowera kumudzi kwathu ndi wafumbi, wa mabampu aja ogwedeza mano, makilomita angapo kuchoka pa M1. Aluminiyamu ikamagwedezeka nthawi yaitali imatopa n'kung'aluka, makamaka ikamangidwa molimba popanda mphira. Kodi alipo pano amene wayenda ndi yotereyi m'misewu yathu ya kumudzi kwa zaka zingapo? Inapirira?

Chachiwiri ndi madzi, ndipo apa ndipomwe ndikuopa kwambiri. Zoyera zomwe ndinaziona m'timachubu zija ndi za madzi a pa mjigo ndi pa chitsime omwe akhala akuthiridwa zaka 40 ndi kuposa, ndipo madzi a ku chigwa cha Shire m'malo ambiri ndi amchere, ukamwa umamva. Injini ya 504 buloko yake ndi ya chitsulo, hedi ndi ya aluminiyamu, ka rediyeta ka hita mkati ndi ka mkuwa. Zitsulo zosiyana zikakhala m'madzi amodzi opanda mankhwala oteteza, chimodzi chimadya chinzake, ndipo chodyedwa chimakhala aluminiyamu. Machubu a rediyeta ndi opyapyala kuposa hedi, ndiye ayamba kuboola ndi iwowo. Ndikudziwa yankho lake, kuthira coolant wosakaniza theka ndi theka ndi madzi a batire n'kumasintha pa nthawi yake. Kunyumba ndingathe. Koma payipi ikaphulika panjira munthu umathira chomwe chapezeka, ndipo galimotoyi nthawi zina amayendetsa mng'ono wanga yemwe sadzaganiza kawiri. Ya mkuwa yapirira nkhanza zimenezi kuyambira 1978. Ya aluminiyamu ingapirire zaka zingati?

Chachitatu, ndipo mwina ndi chomwe ndinayenera kuyamba nacho: bwanji ngati rediyeta si vuto lokhalo? Ngati mkati mwa rediyeta muli matope otere, m'buloko mozungulira masilivi, momwe mumayenda mapisitoni, muli zotani? Pampu ya madzi sitinaitsegule, sikudontha komanso sikulira, koma mapiko ake akhoza kukhala atadyeka. Timing, nthawi yomwe mapulagi amayatsa moto, inaikidwa ndi khutu. Ndipo chibwatireni tsiku lija ndikuopa hedi, poti ya aluminiyamu ikatentha kwambiri imapindika. Mafuta a injini sanasanduke ngati tiyi wamkaka, utsi woyera kulibe, koma ndikathira madzi lero, pakatha sabata ndimapeza atatsika pang'ono. Ndingawononge ndalama zonsezo pa rediyeta yonyezimira, n'kukabwatanso pakhota lomwe lija.

Mtima wanga ukupendekera ku core ya mkuwa, ndinene zoona. Galimotoyi inapangidwa ndi rediyeta yotereyi ndipo inkakwera Thabwa itanyamula katundu, ndiye yatsopano ya mtundu womwewo iyenera kukwanitsa. Ndalama yotsalayo ndikhoza kugulira pampu, thermostat, coolant ndi kuyezetsa hedi. Palinso kena kake koti ndikatsegula boneti ndimafuna ndizione matanki akuda omwe bambo ankawapukuta Loweruka m'mawa. Koma alamu akuti ndikuganiza ndi mtima osati mutu, kuti kutentha kwa masiku ano si kwa kale, kuti mizere ya magalimoto ya ku Blantyre kunalibe nthawi ya bambo, ndipo kuti mtengo wa mkuwa wakwera moti core yabwino ikusowa, yopezekayo ndi ya tizipsepse topyapyala tosakhalitsa. Mfundo yomalizayi sindingaitsutse chifukwa core yomwe akunena mdala uja sindinaione ndi maso.

Ndiye ndithandizeni, inu amene munaikapo ya aluminiyamu pa 504, 404, Land Rover yakale kapena Benz ya W123: kamuvi kanatsikadi pa chitunda, kapena kusintha komwe munaona kunali kongoti mwachotsa yotsekeka n'kuika yatsopano? Ndipo amene munaika core ya mkuwa posachedwapa, munayang'ana chiyani kuti mudziwe kuti ndi yabwino musanalipire?

Zowonjezera, madzulo ano: zikomo kwambiri nonse, sindinayembekezere mayankho ochuluka chonchi. Bambo amene mwati munagwira ntchito pa ma 504 zaka zambiri, ndamva za kubwezeretsa thermostat, kuti popanda iyo injini imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera ndipo madzi sayenda mmene anakonzera opanga. Ndiigula. Achimwene amene mwati ndiyambe ndapimitsa ngati mpweya wa m'masilinda ukulowa m'madzi ndisanagule chilichonse, ndalankhula ndi makaniko, tichita Lachiwiri, pamodzi ndi kutsegula pampu ndi kutsuka buloko. Kwa amene mukuti ndigulitse ndigule Corolla, pepani, imeneyo siigulitsidwa.

Chomwe sichinayankhidwebe ndi cha msewu wafumbi chija. Awiri mwa inu mwayamikira aluminiyamu, koma nonse mukuyenda pa tala, wina ku Pretoria wina ku Lilongwe. Alamu ndawauza adikire kaye mpaka Lachiwiri lidutse. Mayi akufuna kupitanso kumudzi mvula isanayambe, ndiye ngati alipo wa ku Chikwawa, Nsanje kapena kulikonse kotentha ndi kwa mabampu amene ali ndi ya aluminiyamu pa galimoto yakale, chonde ndiuzeni yatha zaka zingati komanso mumathiramo madzi anji.