Kusamutsa repo kuchoka pa SVN kupita pa Git: git svn ikungoduka panjira

Wofunsa, Kasungu:
Akuluakulu, ndithandizeni chifukwa mutu waima. Khodi ya pulogalamu imene timalembera fodya ndi soya wa alimi yakhala pa SVN (pulogalamu yosunga khodi ndi mbiri ya zosintha zake) kuyambira kale, ndipo abwana akufuna ikhale pa Git (pulogalamu ina ya ntchito yomweyo) msika wa fodya usanatsegulidwe. Ndikayendetsa git svn clone (lamulo lokopera khodi ndi mbiri yake kuchoka pa SVN kupita pa Git) ndi --stdlayout, netiweki ikangoduka zonse zimaima, ndipo pa zochepa zimene zabwera, ma tag (zizindikiro za ma version) asanduka ma branch (nthambi za khodi), pomwe eni ma commit (zosintha zosungidwa m'mbiri) akungooneka ndi mayina olowera pa seva.

Mayi wa ku Mchinji:
Achimwene, musakokere mbiri yonseyo pa intaneti. Tengani repo (nkhokwe ya khodiyo ndi mbiri yake) ndi svnadmin dump pa seva pomwepo, muikweze pa kompyuta yanu, kenako git svn iwerenge kuchokera pamenepo. Ikaima musafufute kanthu, chifukwa git svn fetch imapitiriza pamene inalekezera. Za mayinazo, konzani --authors-file (fayilo yolumikiza dzina lolowera ndi dzina lenileni ndi imelo) yokhala ndi aliyense amene anapangapo commit, ngakhale amene anasiya ntchito kalekale, popeza likasowa dzina limodzi lokha imaimanso. Ma tag mudzawakonza pamanja, chifukwa kwa SVN tag ndi foda yokopedwa basi.

Mkulu wina, Kasungu:
Mbiri yonseyo mukuifuniranji? Tengani trunk (nthambi yaikulu ya khodi) monga ilili lero, muyambe repo yatsopano, ndipo SVN ikhale yongowerenga.

Mnzathu wina:
Chenjerani ndi svn:externals, njira ya SVN yokokera khodi ya kwina mu repo yanu. Kumene ndinkagwira ntchito tinasamuka bwinobwino, aliyense n'kusangalala, koma tsiku loika pulogalamu pa seva tinapeza kuti laibulale ina sinabwere, chifukwa git svn siitsata zimenezo. Mafoda opanda kanthu nawonso anasowa, popeza Git siwasunga, ndipo pulogalamu inakana kulemba malisiti alimi ali pamzere panja. Musaiwalenso git svn show-ignore, yosonyeza mafayilo amene SVN imawanyalanyaza, apo ayi zinyalala zonse zilowa mu commit yoyamba.

Mkulu uja:
N'chifukwa chake ndikunena kuti mbiri isiyeni komweko.

Mayi wa ku Mchinji:
Ayi bambo, tsiku limene mlimi adzadandaule kuti ndalama zake zinawerengedwa molakwika, git blame ndi imene idzasonyeze amene anasintha mzerewo ndi chifukwa chake. Koma achimwene, ngati mukupita pa GitHub (webusaiti yosungirapo ma repo a Git), fufuzani kaye ngati wina sanaponyemo dampu ya database, chifukwa fayilo yoposa 100 MB amaikana ngakhale munaifufuta kale, bola ikadali m'mbiri.

Wofunsa:
Zikomo mayi. Nanga ndiikepo --no-metadata kuti mizere ya git-svn-id (yosunga nambala ya revision ya pa SVN) isadetse mauthenga a ma commit?

Mayi wa ku Mchinji:
Musaike ngati anzanu akupangabe commit pa SVN, komanso ngati malipoti akale amatchula manambala a revision, chifukwa mizere imeneyo ndi imene idzakulozereni commit yake. Gwirizanani tsiku lotseka SVN, ndipo musachite zimenezi msika uli mkati.

Mkulu uja:
Manambala a revision akanakhalabe bwinobwino pa SVN yongowerenga, monga ndanenera poyamba.