Kodi ofunsa mafunso pa What's My Line? ankauzidwiratu mayankho?

NaBanda:
Abale ndi alongo, masiku ano ndikuonera pa YouTube zigawo zakale za What's My Line?, pulogalamu imene inkaulutsidwa pa wailesi yakanema ya CBS ku America kuyambira 1950 mpaka 1967. Anthu anayi ankafunsa mlendo mafunso oyankhidwa ndi "inde" kapena "ayi" kuti atulukire ntchito yake, ndipo mlendoyo akakhala wotchuka ankayamba avala zophimba kumaso. Chimene chikundikayikitsa n'chakuti Dorothy Kilgallen, mmodzi wa ofunsawo, ankafika pa yankho mofulumira kwambiri. Kodi sankawanong'oneza kuseri?

Aphiri:
Mayi NaBanda, yankho lenilenilo sankauzidwa, ndipo panalibe chuma choti munthu n'kuchitira chinyengo, chifukwa pa "ayi" aliyense John Daly, wotsogolera pulogalamuyi, ankatembenuza khadi la madola 5, zonse pamodzi osapitirira madola 50. Kilgallen anali mtolankhani wozolowera kupanikiza anthu ndi mafunso, ndipo luso limenelo ndi limene mukuliona. Komabe kukayika kwanu kuli ndi maziko. M'zaka zoyambirira okonza pulogalamuyi ankapatsa wanthabwala wa pagululo mafunso omusocheretsa dala, osamuuza ntchito ya mlendo, kuti oonera, amene anali ataiwerenga kale pakanema, afe nako kuseka. Daly nayenso anali ndi chizindikiro chake: mafunso akayamba kulowera kolaula, ankadzikoka khutu kuti ofunsawo abwerere m'njira.

Namaseko:
Bambo Phiri anena zoona. Ine chimene chimandikhudza mtima n'chakuti, popeza nthawi zambiri pulogalamuyi inkaulutsidwa pompopompo Lamlungu usiku kuchokera ku New York, okonza ankaopa kuti tsiku lina mlendo wotchuka sadzabwera, choncho anagwirizana kuti zikadzatero Daly yemweyo ndiye adzalowe m'malo. Zaka 17 zinatha osafunika kutero, mpaka pa 3 September 1967, m'chigawo chomaliza, Daly anakhala mlendoyo mwadala, akuyankha ndi mawu osintha kwinaku akutsogolera masewerawo, anzake ali ophimbidwa m'maso.

Che Jali:
Mayi NaBanda, mukadzasowa zigawo zambiri za 1952 isanafike musadzadabwe. Zinkasungidwa pojambula kanema ndi kamera ya filimu, ndipo mafilimu ambiri oyambirira anawonongedwa pofuna kuchotsamo siliva, kufikira pamene kampani ya Mark Goodson ndi Bill Todman, imene inkakonza pulogalamuyi, inayamba kulipira kuti asungidwe. Mwa zimene zinapulumuka, muyambe ndi cha 1957 cha Salvador Dalí, katswiri wojambula zithunzi wa ku Spain, amene ankavomera pafupifupi funso lililonse mpaka Daly ankachita kumuwongolera.