Kodi "akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto" amanena nkhalamba iliyonse?

Wofunsa, ku Chinamwali:
Abale anga, ndithandizeni kumasulira mwambi uwu. Chithunzi chake ndikuchiona: m'mwezi wa Okutobala moto wolusa ukamatsika m'phiri kupsereza tchire, ukafika padambo umazilala wokha chifukwa cha chinyontho. Chondivuta ndi chakuti akuluakulu akunenedwawo ndi ati. Aliyense wa imvi, kapena okhawo amene mutu ukugwirabe bwino? Amalume athu ndiwo ankaweruza nkhani zonse za pamtundu pathu, za maukwati ndi malire a minda zomwe. Pano akumaiwala kuti adya kale, ndipo dzuwa likapendeka amanyamula kathumba kawo n'kumati akupita kwawo, chonsecho ali pakhonde la nyumba yawo yomwe. Achinyamata ena ayamba kunong'onezana zoti mwina ali ndi zawozawo. Mwambiwu ukuwakhudzabe?

Mphunzitsi wopuma pantchito, ku Domasi:
Achimwene, moto pamenepa ndi mkangano ndi mkwiyo. Ambiri amausakaniza mwambiwu ndi uja wakuti "mawu a akulu akoma akagonera" kapena "galu wamkota sakandira pachabe". Iwiri imeneyo ikunena za kudziwa zinthu. Uwu ukunena za mtima wozizira. Anthu awiri afika atatupa, wamkulu awapatsa mkeka, awafunsa za kunyumba, za mvula, kenako n'kuwalola kuti alankhule mmodzimmodzi. Asanagamule n'komwe, ukali watha kale. Choncho zaka pazokha sizikwanira. Tonse tikudziwa nkhalamba zina zimene zimakolezera.

Mayi wina amene anaphunzira za maganizo a anthu ku Chanco:
Aphunzitsi anena zoona, ndipo makolo athu anaona bwino. Laura Carstensen wa ku yunivesite ya Stanford anapeza kuti munthu akamaona kuti masiku ake atsala ochepa, amasiya kulimbana ndi zilizonse, amasankha anthu ochepa amene amawakonda, ndipo amaugwira mtima kuposa mmene ankachitira ali mnyamata. Raymond Cattell naye anasiyanitsa nzeru ziwiri. Ya kuganiza mwachangu pa chinthu chachilendo imayamba kuchepa munthu akamakula, koma imene waiunjika pa moyo wake, monga mawu, mbiri ya mudzi ndi kudziwa anthu, imakhalitsa mpaka ukalamba.

Koma zimene mwafotokoza za amalumezo si ukalamba wamba. Kuiwala pomwe waika makiyi n'kwa tonse. Kuiwala kuti wadya, kusazindikira nyumba yako, kusokonezeka kwambiri madzulo, zimenezo zimafanana ndi matenda a muubongo amene madokotala amati dementia, ndipo mtundu wake wofala kwambiri ndi Alzheimer's. Nthawi zina choyambitsa kusokonezeka chimakhala china chochizika, monga matenda a m'chikhodzodzo, shuga kapena mankhwala amene akumwa, makamaka ngati zayamba mwadzidzidzi. N'chifukwa chake ayenera kuonedwa ndi achipatala. Ndipo akamati akupita kwawo musamatsutsane nawo. Afunseni za kwawoko, yendani nawo pang'ono, apatseni tiyi. Kukangana nawo kumangowonjezera mantha awo.

Bambo wina, ku Jali:
Ine chandiwawa ndi manong'onong'owo. Athetseni lero lomwe. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba 4 powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Zimayamba chonchi, pakamwa pa adzukulu. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Kawauzeni amfumu, aitanitse achinyamatawo, amve kuti munthuyo akudwala. Amene anaimirira pa ukwati wa makolo awo sangasanduke mfiti chifukwa choti wavula malaya pagulu.

Mphunzitsi uja:
Ndiwonjezere pa funso lenileni lija. Mmene ndikuumvera ine, mwambiwu ukunena za udindo pamudzi. Amalume anu anausenza nthawi yawo, ndipo ulemu wake sangalandidwe. Koma milandu musawatengerenso, mukuwazunza. Pamtundu panu pasankhidwe mwinimbumba wina. Kuno kwathu kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la anthu 17.5 miliyoni ndi ana osafika zaka 18, ndiye timaganiza kuti nkhani ya ukalamba ndi ya ku Japan. Koma bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pofika 2030, munthu 1 mwa 6 alionse padziko adzakhala wa zaka 60 kapena kuposa. Mabanja ngati lanuli achuluka.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Vuto ndi lakuti ndikangotchula chipatala, azakhali akuganiza za ku Zomba Mental n'kuyamba kulira, ati tikufuna kukawataya ngati amisala.

Mayi uja:
Yambirani kuchipatala chaching'ono cha kwanuko kapena ku Zomba Central, ndipo azakhaliwo apite nawo kuti akadzimvere okha. Tengani buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene ali m'nyumba, azitsamba omwe. Lembani papepala nthawi imene kuiwalaku kunayamba, ngati kunabwera pang'onopang'ono kapena mwadzidzidzi, ndiponso mmene akugonera usiku. Pitani m'mawa, nthawi imene mutu wawo umakhala utakhazikika.