Nyimbo ya filimu ya ana yochititsa tsemwe: ndikulakwitsa pati?

Wofunsa

Akuluakulu olemba nyimbo za orchestra, ndigawireniko nzeru. Pali kafilimu ka ana ka mphindi 12, ka zidole zojambulidwa frame imodziimodzi, ma frame 24 pa sekondi. Kamtsikana kalowa m'nyumba yakale ya wokonza mawotchi, ndipo usiku mawotchi ndi zidole zimadzuka. Dairekita akufuna kuti mwana wa zaka 7 achite tsemwe, nthawi zina aseke, koma asathawe pa mpando. Zida zambiri ndi ma sample a pa kompyuta, mawu a zida ojambulidwa kale. Oimba enieni alipo asanu: vayolini, cello, clarinet, bassoon ndi harp, komanso kakwaya ka ana.

Ndikalemba mu minor n'kuika tremolo, kunjenjemeretsa noti mwachangu kuja, ikumveka ngati filimu ya akuluakulu yophana. Ndikaika pizzicato (kudonza nsambo ndi chala) ndi xylophone, ikusanduka katuni wothamangitsana. Pakati pake sindikupapeza. Celesta, kachida konga piyano kolira ngati timabelu, nayo ikungomira, ngakhale ndikweze voliyumu.

Wolemba nyimbo za mafilimu

Achemwali, mukusintha zonse nthawi imodzi. Mukafuna mantha mukudetsa chuni, ma chord ndi zida pamodzi, mukafuna nthabwala mukuziyeretsanso zonse pamodzi. Nyimbo za mtundu uwu zimafuna kuti chuni chikhale cha mwana, koma pansi pomwe chapondapo pakhale pokayikitsa.

Lembani chuni cha ma bar 8 mu 3/4 (mabiti atatu pa bar, ngati waltz), manoti oyandikana, osapitirira octave imodzi, choti mwana akachimva kawiri achiimbe. Mukatero chisiyeni. Ntchito ili pansi pake. Mu A minor, khutu limayembekeza kuti kuchoka pa A-C-E mupita pa F major, F-A-C. Inu pitani pa F minor, F-A♭-C. Taonani zimene zachitika: C sanasunthe, A watsika semitone (theka la toni), E wakwera semitone. C uja ndi pogwira mwana, manoti awiriwo ndi amene akumuterereka kumapazi. Bar yotsatira bwererani pa A minor ngati palibe chachitika. Ingoonetsetsani kuti pa bar ya F minor chuni chili pa C kapena F. Chikakhala pa A chigundana ndi A♭ wa pansi, ndipo sizimveka zamatsenga, zimamveka ngati woimba waphonya.

C♯ minor imagwiranso ntchito yomweyo, pamenepo wokhala ndi E. Koma kulumpha kuchoka pa A kukafika pa E♭, tritone ija, kusungeni. Kawiri mufilimu yonse kwakwana.

M'chuni mwenimwenimo lolani noti imodzi yokhota pa ma bar 4 aliwonse, monga D♯ pa biti yachitatu yokwera kupita pa E. Zikakhala ziwiri zitatu mwana amataya chuni, ndipo akachitaya amatsala ndi mantha okhaokha.

Za kumveka ngati filimu yophana, gwero lake si minor ayi. Ndi tremolo yopanda biti. Nyimbo zoopseza akuluakulu zimachotsa kugunda kuti womvera asadziwe chikubwera liti. Inu musachotse. "Um-pa-pa" akhale akuyenda ngakhale chapansipansi, ngati wotchi.

Wa bassoon

Ndiwonjezere za zida. Kamvekedwe kameneka kamachokera pa dzenje la pakati: zida zokwera kwambiri pamwamba, zotsika kwambiri pansi, pakati pochepa zinthu. Biti yoyamba ipatseni bassoon ya staccato (manoti odukizadukiza) pamodzi ndi pizzicato ya cello. Yachiwiri ndi yachitatu, clarinet m'manoti ake apansi, amene amatha kuimbidwa motsitsa mpaka kuzimiririka. Kumbukirani kuti clarinet ya B♭ imamveka toni imodzi pansi pa zolembedwa, ndiye pepala lake mulilembe mu B minor.

Bassoon musaitsitse mpaka pa B♭ wake wotsiriza n'kulemba pp, kutanthauza motsitsa kwambiri. Manoti apansi amenewo amatuluka mwaukali, safuna kunong'ona. Ndipo pansi pa C3, C wa octave imodzi pansi pa C wapakati (C4), musaike ma third. Ma octave ndi ma fifth okha, apo ayi mumva matope.

Celesta siikumira chifukwa cha voliyumu. Ndi chida chofatsa mwachibadwa, ndipo imamveka octave imodzi pamwamba pa zolembedwa. Yang'anani amene ali m'dera lomwelo: kawirikawiri ndi mavayolini kapena flute. Atsitseni octave, kapena aike mute, kachipangizo kofewetsa mawu, aimbe pp. Malipenga akhale chete celesta ikamalankhula. Ngati ikufunikabe mphamvu, harp iimbe chuni chomwecho octave pansi, ndipo glockenspiel igunde noti yoyamba yokha ya bar. Glockenspiel imamveka ma octave awiri pamwamba, ikatsatira noti iliyonse imabaya m'makutu.

Xylophone ikukupangirani katuni chifukwa mukuithamangitsa kukwera ndi kutsika potsatira chidole. Saint-Saëns mu Danse macabre ya 1874 anaigwiritsa ntchito ngati kugogoda kwa mafupa, ndipo mpaka lero khutu limaimva choncho ikagunda mouma, manoti ochepa obwerezabwereza. Atatu anayi basi.

Wa harp

Achimwene mwatchula A minor ndi F minor aja, mwanena zoona, koma pa harp pali msampha. Harp ili ndi ma pedal 7: phazi lamanzere D, C, B, lamanja E, F, G, A. Mukalemba A pa bar iyi, A♭ pa bar inayo, woimba aziponda pedal ya A pa bar iliyonse, ndipo nsambo ikakhala ikulirabe imachita "zzz" posintha. Maikolofoni amatola zimenezo.

Chitani izi. Tcherani ma pedal kamodzi kokha: D♯, C, B, kenako E, F, G♯, A. G♯ ndi A♭ ndi mawu amodzi, ndiye F minor aziyiimba ngati F-G♯-C. A minor ilipo, E major ilipo, D♯ wokhota uja aliponso, popanda kusuntha phazi. Glissando, kutsetseretsa chala pa nsambo motsatana, pa matcheredwe amenewa ndi chinthu chokoma kwabasi, yesani pomwe chitseko cha wotchi yaikulu chikutseguka. Mtengo wake ndi woti D ndi G wamba mwataya, ndiye D minor apatseni ena. C♯ minor ifuna pedal imodzi yokha, ya C, koma siyani biti imodzi kapena ziwiri zopanda C kuti asinthe mwakachetechete.

Chala chaching'ono sichigwira ntchito pa harp. Manoti anayi pa dzanja, osapitirira. Zolembedwa pa piyano za manoti asanu zimabwezedwa.

Wina wa maganizo ena

Ine ndikutsutsako pang'ono. Waltz ya celesta mu minor yatha mano. Auguste Mustel anapanga chidachi ku Paris mu 1886, Tchaikovsky anachitchukitsa mu The Nutcracker mu 1892, Danny Elfman anachiphatikiza ndi kwaya mu Edward Scissorhands mu 1990, John Williams anatsegula nacho Harry Potter mu 2001. Mukaiyamba lero, makolo amene akhala pambali pa mwanayo aganiza za mafilimu amenewo, osati yanu.

Filimu yanu ili ndi mawotchi. Jambulani mawotchi enieni atatu ogunda mosiyana, mudule kugunda kwake, mukuike pa biti m'malo mwa ng'oma. Chuni chiyambe pa kapiyano ka ana kapena kabokosi koimba kopukusa, mukatsitse ndi ma cent 10 mpaka 15 (semitone imodzi ndi ma cent 100) kuti kasemphane pang'ono ndi orchestra. Mukafika pa 30 kapena 40 zimangomveka ngati chida chosachuna. Celesta ibwere kamodzi, pomwe mtsikana wazindikira kuti zidole sizimuchita kanthu.

Kwaya ya ana musaipatse mawu omveka. Bruno Coulais mu Coraline ya 2009 anaimbitsa ana chinenero chongopeka, ndipo chifukwa chake n'chomveka: khutu likamva mawu enieni limasiya kumvera ochita sewero. "U" kapena kung'ung'udza ndi pakamwa potseka ndi kokwanira. Akhale pakati pa C4 ndi D5, liwu limodzi kapena awiri, mpweya pa ma bar 4 aliwonse.

Wolemba nyimbo za mafilimu

Akulu, pa celesta ndagonja theka. Koma 3/4 isachoke. Zinthu zopukusa ndi kiyi zimazungulira, ndipo waltz imazungulira nazo. Ngati ikumveka yakale, ponyani bar imodzi ya 2/4 kumapeto kwa ma bar 8, ngati dzino la giya lathyoka. Ana amaseka pamenepo osadziwa chifukwa.

Wofunsa

Zikomo nonse, za ma pedal zija zanditsegula maso. Latsala ndi ili: pali gawo la masekondi 40, mtsikana akukwera masitepe uku akudziyankhulira, ndipo chitseko chikutseguka pa sekondi ya 26. Nyimbo ikulimbana ndi mawu ake, komanso biti siikugwera pa chitsekopo. Ndiyambire pati?

Wosakaniza mawu

Yambirani pa masamu, mayi. Pa ma frame 24, mphindi imodzi ili ndi ma frame 1440. Gawani 1440 ndi liwiro la nyimbo, mupeza ma frame a biti imodzi. Pa 144, biti ndi ma frame 10, bar ya 3/4 ndi 30. Masekondi 40 ndi ma frame 960, kutanthauza ma bar 32 ndendende, chuni chanu cha ma bar 8 kanayi. Mwachita mwayi.

Chitseko chili pa frame 624. Ma bar 21 pa 144 amathera pa 630, ndiye mwachedwa ndi ma frame 6, ndipo diso limaona zimenezo. Mukufuna mabiti 63 m'masekondi 26: 63 kugawa 26 kuchulukitsa 60, yankho ndi 145.4. Ikani liwiro limenelo kuyambira poyamba mpaka pa chitseko, palibe angamve kusiyana kwake ndi 144. Mukaphonya ndi frame imodzi kapena ziwiri, phonyani mochedwa. Mawu obwera chithunzi chisanafike ndi amene amaonekera msanga.

Musagwire sitepe iliyonse imene akuponda. Pa masekondi 40 sankhani malo awiri, akachuluka atatu. Kugwira chilichonse ndiye katuni mukudandaula uja.

Pa chitsekopo musaike chiphokoso cha orchestra yonse. Dulani nyimbo pa bar ya 21, patsale kugunda kwa wotchi kokha, kenako pa biti yoyamba ya bar 22 glissando ya harp ndi noti imodzi ya bassoon. Bata la sekondi imodzi limaimitsa tsitsi mokwanira, pomwe chiphokoso chadzidzidzi chimaliza ana aang'ono.

Za mawu a mtsikana: liwu la mwana limakhala cha pa C wapakati kupita m'mwamba, dera lomwelo la clarinet ndi viola, ndipo zilembo zimene zimapangitsa mawu kumveka zili cha pa 2 mpaka 4 kHz, pomwe celesta ndi glockenspiel zimagogoda. EQ, kutsitsa dera limenelo la mawu posakaniza, ingathandize pang'ono, koma mankhwala ake ndi kalembedwe. Akamayankhula chuni chiime, patsale "um-pa-pa" ndi noti yaitali ya cello. Akapuma chuni chiyankhe ndi manoti atatu anayi. Lembani nthawi ya chiganizo chilichonse musanalembe noti.

Funsani mkonzi wa zithunzi ngati filimu ili pa 24 yeniyeni kapena 23.976. Kusiyanako kumaoneka kochepa, koma pa mphindi 12 kumafika ma frame 17. Wina akaisandutsa 25, nyimbo itsalira pafupifupi masekondi 29 pofika kumapeto. Jambulani pa 48 kHz, osati 44.1, ndipo musayambe masamu onsewa asanakutsimikizireni kuti kudula zithunzi kwatha. Potumiza, patulani magulu: za nsambo, zouzira, zogogoda, harp ndi celesta, kwaya, kuti chimodzi chikaphimba mawu atsitse chokhacho.

Wa vayolini

Ziwiri za ma sample ndi oimba enieni. Pizzicato ya pa kompyuta ikabwereza noti imodzi imamveka ngati makina osokera. Yatsani round robin, yosinthasintha ma sample a noti imodzi, ndipo mphamvu ya manoti (velocity) pa kompyuta isiyane: biti yoyamba cha m'ma 80, zinazo cha m'ma 60, osafanana ndendende. Ma legato a sample, manoti olumikizana aja, amachedwa kulowa, akokereni kuti ayambe msanga mpaka agwere pa click yogunda biti. Oimba anu asanu ajambulidwe pafupi, m'chipinda chosabwereza mawu, kenako onse alowe mu reverb imodzi ndi ma sample. Musanayambe fufuzani ngati ma sample anachunidwa pa A wa 440 Hz kapena wa 442 Hz, wa harp achune nsambo zake 47 kamodzi kokha.

Ngati mufuna kugunda kwa wotchi kuchokera ku zansambo, lembani col legno, kumenya nsambo ndi mtengo wa uta. Auzeni oimba tsiku lisanafike kuti abwere ndi uta wotsika mtengo, chifukwa wabwinowo umakalika ndipo adzangokana. Poika kapena kuchotsa mute apatseni ma bar awiri, ndipo kuchoka pa pizzicato kubwerera pa uta, biti imodzi yopuma pa liwiro lanulo.

Wofunsa

Ndamva. Nanga sul ponticello, kuyendetsa uta pafupi ndi kamlatho ka vayolini kuja, ndiichotseretu?

Wa vayolini

Ayi, achemwali, ifupikitseni. Ma bar awiri, pp, vayolini yeniyeniyo yokha osati gulu lonse la ma sample, uku bassoon ikupitiriza biti pansi. Iikeni pa bar 19 ndi 20, bata la chitseko lija lisanafike.